Hatchi yanga inagwada isanafike kwa mwini wake

Ndinayamba kuumba mahatchi manja anga atazolowera kale dongo. Ndinkaumba mitu ya anthu, mbalame ndi ng'ombe, ndipo zinkagulidwa ndithu. Choncho tsiku limene ndinati ndiyese hatchi, mumtima ndinkangoti ndi nyama ngati zinzake: miyendo inayi, khosi lalitali, mchira, basi. Ndikulembera inu amene muli pamene ndinali ine nthawi imeneyo, luso lili m'manja koma simunaone mmene nyama imeneyi imadyera nthawi ndi ndalama za munthu amene wailowa mwachimbulimbuli.

Mahatchi anga oyamba ndinkawaumba poyang'ana zithunzi. Ndinkasankha chithunzi chimodzi chokongola, n'kuchipachika pakhoma, n'kumachitsatira. Ukaima mbali imene chithunzicho chinajambulidwira, hatchiyo inkaoneka bwino. Ukazungulira n'kuiyang'ana chakutsogolo, inali yophwatalala, chifuwa chopanda malo oti mapapo n'kukhalamo. Koma ine sindinkazungulira. Nthawi yanga yambiri inkathera pa ubweya wa pakhosi, pa mitsempha ya kumaso ndi pa mphuno zotukumuka, chifukwa n'zimene anthu ankayamikira. Anzanga ankati, "Koma ndiye yangotsala kupuma!" Mawu amenewo ankanditsekemera, ndipo ndi amene anandichedwetsa zaka zingapo, pakuti ondiyamikira onsewo, monga ine ndemwe, anali asanagwirepo hatchi chibadwire.

Amene anandidzutsa kutulo ndi bambo ena achikulire osamalira mahatchi, omwe anabwera pa chionetsero china chimene ndinaikapo ntchito zanga. Anaima nthawi yaitali pa hatchi imene ndinkainyadira kwambiri, akuizungulira, manja ali kumbuyo. Nditawafunsa maganizo awo, anayamba akayikakayika, kenaka anati, "Achimwene, dzanja muli nalo. Koma hatchi iyi itakhala yamoyo singayende. Nanga mnofu uwu pansi pa bondo wachokera kuti?" Nkhope yanga inagwa. Panali anthu pafupi, ndipo ndinangoseka kuseka kwa manyazi. Pochoka anandiuza kuti ndikafuna ndikawapeze kukhola kwawo, ndikaigwire nyamayo ndi manja.

Ndinapita mkwiyo utaphwa. Choyamba kundigwira chinali mantha. Hatchi yokwerapo wamba imalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo ukaima nayo pafupi koyamba umamva kutentha kwa thupi lake usanaikhudze n'komwe. Achikulirewo anayamba ndi malamulo, ndipo inunso muyambire pomwepo: osaima kumbuyo kwake, osaidzidzimutsa, uzilankhula poyandikira, ufikire cha paphewa. Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, motero imaona pafupifupi mozungulira monse, kupatula kumbuyo kwake kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa chipumi. Ine m'ziboliboli zanga ndinkakankhira maso kutsogolo, n'chifukwa chake nkhope zake zinkaoneka zachilendo ngakhale sindinkatha kuloza cholakwika.

Kenaka anatenga dzanja langa n'kuliika paphewa pa hatchi ina yaikazi yofatsa, iwo n'kuyamba kuiyendetsa pang'onopang'ono, ine ndikutsatira m'mbali. Pansi pa chikhatho changa ndinamva fupa lalikulu lophwatalala likutsetsereka pamwamba pa nthiti, kupita kutsogolo, kubwerera, khungu likukwinyika pang'ono m'munsi mwake. Sindinkadziwa kuti mwendo wakutsogolo umayambira kumtunda konseko, pafupi ndi pamene khosi lakumana ndi msana. Hatchi ilibe fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa monga lili mwa ife anthu. Thupi lake lakutsogolo limalendewera pakati pa miyendo iwiriyo pa minofu yokha. Ndinaima n'kufunsa kuti, "Achikulire, nanga chigongono chili pati?" Anandilozera kumtunda, chomatirira kuchifuwa. Chimene timati bondo lakutsogolo, ukayerekeza ndi thupi la munthu, ndi polumikizana mkono ndi dzanja. Mfundo yakuthwa ya mwendo wakumbuyo ija, imene ambiri amaiyesa bondo lopindikira kumbuyo, ndi chidendene. Bondo lenileni lili kumtunda, pafupi ndi mimba. Hatchi imaima pa chala chimodzi mwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo chake. Kuyambira pa bondo lakutsogolo lija ndi pa chidendene kutsika kulibe mnofu, kuli fupa, mitsempha yolimba ndi khungu basi. Ndiye mwendo wa hatchi yathanzi m'munsimo umaoneka wouma, wokhala ndi ngodya zake, osati wonenepa mozungulira ngati umene ndinkaumba ine.

Khosi nalo linandipusitsa nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti mafupa ake amatsata mzere wa pamwamba pamene pamamera ubweya wautali. Ayi. Mafupa 7 a m'khosi amayambira kuseri kwa makutu n'kutsika mokhota mpaka kukalowa m'munsi, pakati pa mapewa. Pamwambapo ndi mnofu ndi mtsempha wokhuthala. Ukapinda waya wa khosi potsata mzere wa pamwamba, khosilo limatuluka lolakwika ngakhale ulisalaze motani. Achikulirewo anandiphunzitsanso kuyeza ndi chingwe. Muyeso ndi mutu, kuyambira pakati pa makutu kufika kumlomo. Pa mahatchi ambiri, msinkhu wochoka pansi kufika pamene khosi lakumana ndi msana ndi pafupifupi mitu iwiri ndi theka, ndipo utali wa thupi kuchoka pachifuwa kufika kumatako umakhala chimodzimodzi. Mitundu ya mahatchi imasiyana, koma ukayambira pamenepo susochera patali. Ine nditayeza ziboliboli zanga zakale ndinapeza kuti mitu yonse inali yaing'ono, miyendo yaitali mopitirira.

George Stubbs, wojambula zithunzi wa ku England, anatha miyezi pafupifupi 18 akusenda mitembo ya mahatchi, mnofu ndi mnofu, akujambula chilichonse, ndipo zojambula zakezo zinasindikizidwa mu 1766. Inu simukufunika kufika pamenepo. Koma funani mafupa a hatchi olumikizidwa bwino, kaya kusukulu ya madokotala a ziweto kapena kumalo osungirako zinthu zakale, mukakhale nawo pansi ndi pensulo. Alipo pafupifupi 205, nthiti 18 mbali iliyonse. Musavutike kuwaloweza onse. Ofunika ndi malo amene fupa limatulukira pansi pa khungu: nsonga ya phewa, nsonga za chiuno, chigongono, chidendene, mzere wa pansi pa diso. Amenewo akakhala pamalo pake, hatchi imadziwika kuti ndi hatchi ngakhale musanaike ubweya ndi mmodzi yemwe.

Za kayendedwe ndinaphunzira mochedwa, pomwe n'zosavuta masiku ano. Kalekale ojambula ankaonetsa hatchi yothamanga itatambasula miyendo yakutsogolo kutsogolo, yakumbuyo kumbuyo, ili m'malere. Mu 1878, ku Palo Alto ku California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera m'mbali mwa njira n'kujambula hatchi ikuthamanga. Zithunzizo zinaonetsa kuti nthawi imene ziboda zonse zinayi zachoka pansi, miyendo imakhala itapindikira pansi pa mimba. Lero foni ya m'thumba imachita ntchito yomweyo: jambulani vidiyo, muiseweretse pang'onopang'ono, muwerenge kuti chiboda chiti chikugunda pansi nthawi iti. Poyenda wamba ziboda zimagunda chimodzichimodzi, kanayi. Pothamanga pang'ono zimagunda ziwiriziwiri mopingasa, chakutsogolo chakumanja pamodzi ndi chakumbuyo chakumanzere. Mukasokoneza zimenezi, munthu wodziwa mahatchi amaona ali pakhomo. Ndipo pojambula zithunzi zoti mukagwiritse ntchito, imani patali, kamera ikhale molingana ndi mimba ya hatchiyo, mujambule mbali zonse. Chithunzi chojambulidwa pafupi chimakulitsa mutu n'kuchepetsa matako.

Mahatchi anga anayamba kusintha, ndipo anthu odziwa anayamba kugula. Apa m'pamene ndinadzimva kuti ndafikapo, ndipo apa m'pamene mavuto enieni anayambira.

Mayi ena amene ankaweta mahatchi anandipempha chiboliboli cha mkuwa cha hatchi yawo imene inafa. Ankafuna itaima ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo ili m'mwamba, msinkhu wake wofika m'chiuno mwa munthu. Ndinali ndisanapangepo chinthu chachikulu chotero, ndiponso ndinali ndisanapondepo kwa osungunula mkuwa. Atandifunsa mtengo, mtima unagunda, ndinaopa kuti ndikati ndikaganize kaye ntchito indiphonya. Ndinatenga mtengo wa timahatchi tanga tating'ono, n'kuuwirikiza molingana ndi msinkhu, n'kuutchula pomwepo. Ndinalonjezanso tsiku. Panalibe cholemba chilichonse, ndipo ndalama yoyambira imene ndinapempha inali yochepa. Safunsa anadya phula.

Masamu amene sindinawerengere ndi awa. Ukawirikiza msinkhu wa chiboliboli kawiri, khungu lake limakula kanayi, ndipo dongo lofunika kuchidzaza limachuluka ka 8. Silikoni, mphira wopangira chikombole, ndi mkuwa zimatsata kukula kwa khungu, kulemera kwa dongo kumatsata mkati monse. Choncho hatchi yotalika kawiri siidula kawiri ayi.

Timahatchi tating'ono ndinkatimangira chimango cha waya wa aluminiyamu, wofewa bwino popinda. Pa yaikuluyi ndinangogula waya wokhuthalako, n'kuupota pawiri, n'kuukhomera pathabwa kudzera m'miyendo yakumbuyo. Sindinaike chitsulo chochirikiza kuchokera kunja chifukwa ndinkati chizinditchinga poumba. Kenaka ndinayamba kuunjika dongo lonyowa, thupi lonse dongo lokhalokha mpaka m'kati. Hatchi ikaima bwinobwino, miyendo yakutsogolo ndiyo imasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a kulemera kwake. Ukaiimika ndi yakumbuyo, katundu yenseyo, chifuwa, khosi ndi mutu, amakhala m'malere, akukokera pansi pa mfundo ziwiri zopyapyala. Yamoyo imatha kutero kanthawi kochepa chifukwa ili ndi minofu. Yadongo iyenera kuima choncho usana ndi usiku.

Chimango sichinathyoke tsiku limodzi. Chinkagonja pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse ndikavundukula pulasitiki ndinkaona ngati mutu watsikako, koma ndinkati ndi maso anga, n'kuwonjezera dongo pakhosi kuti mzere ubwerere. Dongo lowonjezeralo ndilo linkawonjezera kulemera. Timing'alu tinayamba kuoneka kuseri kwa zidendene, ine n'kumatitseka ndi chala chonyowa. Nkhope inali itatha, ndipo inali nkhope yabwino kuposa zonse zimene ndinaumbapo, khutu limodzi litatembenukira kumbuyo monga mayiwo anandifotokozera kuti inkachitira ikamva mawu awo. Tsiku lina m'mawa ndinapeza hatchiyo itagwada. Miyendo yakumbuyo inali itapindikira kutsogolo, chifuwa chili pathabwa, mutu utaphwanyika mbali imodzi, waya atatulukira pakhosi. Ndinakhala pansi osavula n'komwe chikwama kumsana. Sindinalire nthawi yomweyo. Misozi inabwera madzulo, pamene ndinkatola dongolo kulibwezera m'ndowa.

Chimene chinandiwawa pambuyo pake n'chakuti vuto limeneli ndi lakalekale, ndipo akatswiri analisiyira mayankho poyera. Leonardo da Vinci, amene Ludovico Sforza, wolamulira mzinda wa Milan ku Italy, anamupatsa ntchito ya hatchi yaikulu ya mkuwa, anayamba ndi maganizo a hatchi yoimirira ndi miyendo yakumbuyo, kenaka anawasiya n'kusankha yoyenda. Pietro Tacca atapanga chiboliboli cha mfumu Philip IV chimene chili ku Madrid, chomwe chinatha mu 1640, anachititsa kuti kumbuyo kwa hatchiyo kukhale kolemera, kutsogolo kopepuka, ndipo mchira unathandiza kuchirikiza. Ku St Petersburg, pa chiboliboli cha mfumu ya ku Russia Peter the Great chimene woumba wina dzina lake Falconet anapanga ndipo chinavundukulidwa mu 1782, pali njoka pansi pa ziboda. Kuwonjezera pa tanthauzo lake, njokayo imagwira mchira n'kukhala mwendo wachitatu. Mukafuna hatchi yoimirira, yambani mwafunsa kuti mwendo wachitatu ukhala uti: mchira wokhudza pansi, mwala, kapena chitsulo chobisika.

Poyambiranso ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba. Ndinaumba kahatchi kakang'ono kachitsanzo, kotalika ngati dzanja, n'kuthetsa pamenepo nkhani ya kaimidwe. Ndinapita nako kwa wowotcherera zitsulo, amene anandipangira chimango cha zitsulo zolimba, ndi paipi yochokera pathabwa kulowa m'mimba mwa hatchiyo kuti ndiyo izisenza katundu. Bowo la paipi limatsekedwa mosavuta pambuyo pake, musaliope. M'kati mwa thupi ndinadzazamo polystyrene, choyera chopepuka cholongedzera katundu chija, n'kusema mawonekedwe aakulu, kuti dongo likhale lochepa pamwamba pokha. Musanaike dongo, imani patali muyang'ane chimangocho mbali zonse, muchigwedeze ndi dzanja. Chikagwedera chopanda kanthu, chikasenza sichilimba. Ndipo lembani chizindikiro pakhoma molingana ndi nsonga ya khutu, kuti chikayamba kutsika muone ndi muyeso, osati ndi maso.

Ndinasinthanso dongo. Dongo la madzi limafuna kunyowetsedwa ndi kufundidwa tsiku lililonse, ndipo likamauma limanyala pomwe chitsulo cha m'kati sichinyala, ndiye limang'aluka, makamaka m'miyendo. Ndinagula dongo la mafuta losauma, limene ambiri amati plasticine. Linandithandiza kwambiri pa miyendo ndi makutu, koma linanditchera msampha wina. Mitundu ina ya dongo limeneli imakhala ndi sulufule, ndipo sulufule amalepheretsa mitundu ina ya silikoni kuuma. Ine sindinawerenge zolembedwa pa paketi. Nditamaliza hatchiyo kachiwiri, ndinapaka silikoni thupi lonse kuti ndipange chikombole. Tsiku lotsatira pamwamba panali pouma, koma pokhudzana ndi dongo panali ponata, poterera. Ndinadikira, sizinasinthe. Silikoni yense uja, amene anali chinthu chodula kuposa zonse zimene ndinali nditagula kufikira pamenepo, anapita kudzala, ndipo pomuchotsa khungu la hatchiyo linawonongeka moti ndinalikonzanso lonse. Pakani kaye pang'ono pa kachidutswa ka dongo lomwelo, mudikire usiku umodzi. Kapena gulani dongo lolembedwa kuti lilibe sulufule.

Apa n'kuti tsiku lolonjeza lija litadutsa kalekale. Mayi aja akaimba foni ndinkangoiyang'ana mpaka idule. Ndinkati ndiwayankha ndikakhala ndi nkhani yabwino, koma nkhani yabwinoyo siinkabwera. Tulo tinasowa, chakudya chinasiya kukoma, ndipo kunyumba ndinasanduka munthu wokalipa pa zinthu zopanda pake. Potsiriza ndinalimba mtima n'kupita ndekha, nditatenga zithunzi za hatchi yogwada ija ndi za chikombole chowonongeka. Ndinati, "Mayi, ndabwera kudzapepesa. Ntchito inandikulira, ndipo ndinachita manyazi kukuuzani." Anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenaka anati, "Bambo, kuchedwa ndikanapirira. Chandipweteka n'chakuti munangoti zii. Ndinayesa mwathawa ndi ndalama zanga." Anavomera kudikira, koma mtengo anakana kusintha, ndipo sindiwaimba mlandu: ndinautchula ndine.

Ndi chikombole chachiwiri m'manja, m'pamene ndinapita koyamba kwa osungunula mkuwa. Mkulu wa pamalopo anachitembenuza, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti ndikanabwera ndisanayambe akanandiuza poti chikombolecho chidulidwe, chifukwa mmene ndinachigawira chinali chovuta kutulutsamo miyendo. Anandiyendetsa m'nyumba monse kuti ndione chimene ndikulipira. M'chikombole amathiramo phula lotentha, longa la makandulo, n'kulizunguliza mpaka patuluke hatchi ya phula yamphako, yokhuthala mamilimita 4 kapena 5. Amaidula zidutswa, n'kumatapo tinjira ta phula toti mkuwa udutsemo ndi mpweya utulukire. Chidutswa chilichonse amachiviika m'phala la dothi lopirira moto n'kuchiwaza mchenga, kudikira chiume, kuviikanso, mobwerezabwereza mpaka chigoba chilimbe. Akachiika pamoto phula limasungunuka n'kutuluka, ndipo m'malo mwake amathiramo mkuwa wotentha madigiri oposa 1,000. Ukazizira amaswa chigobacho, n'kudula tinjira tija, n'kuwotcherera zidutswazo pamodzi, n'kusalaza misoko kuti isaoneke. Gawo lililonse ndi manja a munthu ndiponso masiku odikira, ndipo ntchito yako imakhala pamzere kumbuyo kwa za anzako.

Atandiuza mtengo wawo mutu unaima. Kusungunula kokha kunaposa ndalama yonse imene ndinagwirizana ndi mayi aja. Pamwamba pake panali zitsulo zosachita dzimbiri zoika m'miyendo yakumbuyo kuti zilowe m'tsinde, tsinde lenilenilo lolemera mokwanira kuti hatchi isagwe chamutu, ndi galimoto yonyamula. Zonsezi sizinali m'mutu mwanga tsiku limene ndinkatchula mtengo. Ndinagulitsa zida zina za ntchito ndi ziboliboli zimene ndinkasunga, n'kutenganso ngongole. Dongosolo loyenera ndi ili: umbani chitsanzo chaching'ono, mupite nacho kwa osungunula mkuwa oposa mmodzi, akupatseni mtengo ndi nthawi polemba, muwonjezere zogula zanu, nthawi yanu ndi kena kake ka zogwa mwadzidzidzi, kenaka m'pamene mutsegule pakamwa kwa wogula. Pangano lilembedwe, ndalama ibwere m'magawo, ndipo gawo la osungunula lilipidwe chikombole chisanachoke kwanu. Pa tsiku lomaliza ntchito limene osungunula akuuzani, muwonjezerepo masiku ndithu.

Pali magawo awiri amene musawasiyire ena. Loyamba ndi kuona hatchi ya phula isanaviikidwe. Cholakwika chilichonse cha pa phula chimatuluka mu mkuwa, ndipo pa phula chimakonzeka ndi kampeni kotentha pomwe pa mkuwa chimafuna makina. Ine ndinapeza kuti nsonga ya khutu inali itapindika ndipo mphuno imodzi inali itadzaza. Lachiwiri ndi mtundu. Mkuwa ukangotuluka umakhala wowala mwachikasu. Mtundu wodera, wakuda kapena wobiriwira umabwera ndi mankhwala amene amapaka akuwotcha ndi moto, kenaka n'kutseka ndi phula. Khalanipo tsiku limenelo, mutatenga chithunzi cha mtundu umene mukufuna, chifukwa "chofiirira" cha inu si "chofiirira" cha mnzanu.

Hatchiyo inafika kwa mwini wake chaka chitadutsa. Mayiwo anaisisita khutu lija osalankhula, kenaka anandithokoza. Ine ndinabwerera ndili ndi ngongole imene ndinaibweza nthawi yaitali, msana ukupweteka, ndi chifuwa chosatha chimene dokotala anati fumbi la kuntchito linkachikulitsa. Fumbi la dongo louma lili ndi silica, amene akamalowa m'mapapo kwa zaka amawawononga osabwerera. Kolopani ndi madzi m'malo mosesa, valani chotchinga mphuno chenicheni posalaza zouma, ndipo musaviike dzanja mu pulasitala amene akuuma, chifukwa amatentha ndipo amagwira. Zolemera musanyamule nokha. Luis Jiménez, katswiri wa ziboliboli wodziwika wa ku America, anamwalira mu 2006 chidutswa cha hatchi yaikulu imene ankapangira bwalo la ndege la ku Denver chitamugwera m'nyumba yake yogwirira ntchito n'kumudula mtsempha wa magazi wa kumwendo.

Kwa kanthawi sindinafune kuona hatchi. Ndinabwerera ku mbalame ndi mitu ya anthu kuti ndibweze ngongole. Chimene chinandibweza ndi kukhola kuja, kumene ndinkapitabe kukacheza ndi achikulire aja, pensulo ili m'thumba mwachizolowezi. Ndinayambiranso ndi zinthu zimene thumba langa likanatha: mitu yokha, ndi mahatchi ogona pansi, zoumba ndi dongo lootcha. Ngati mulibe ndalama ya mkuwa, yambirani pamenepo. Hatchi yogona ilibe miyendo yopyapyala yosenza katundu, ndipo siifuna chitsulo m'kati, chomwe n'chofunika chifukwa dongo lokhala ndi chitsulo m'kati limang'aluka pouma ndi pootcha. Dongolo likayamba kulimba, idulani pakati ndi waya, mukombe m'kati kuti khoma litsale lokhuthala ngati chala, muimatenso, musiye kabowo kotulukira mpweya, ndipo iume pang'onopang'ono mpaka iumiretu isanalowe mu ng'anjo. Kumbukirani kuti idzatuluka itachepako, kawirikawiri ndi gawo limodzi mwa magawo 10.

Panopa ndikuumba hatchi yokalamba imene ikuwodzera chiimire. Mahatchi amatha kutero chifukwa mitsempha ya m'miyendo mwawo imamanga mfundo popanda minofu kutopa. Imaima ndi miyendo itatu, wakumbuyo umodzi utapumula pa nsonga ya chiboda, chiuno cha mbali imeneyo chitatsika, mlomo wam'munsi utalendewera, maenje a pamwamba pa maso atalowa. Palibe chodumpha, palibe ubweya wouluka ndi mphepo, koma ikundivuta kuposa yoima ndi miyendo yakumbuyo ija, chifukwa chiuno chikatsika mopitirira pang'ono pokha imaoneka yolumala m'malo mooneka yopuma. Chitsanzo chake ndinapita nacho kwa osungunula mkuwa ndisanagule dongo, ndipo anandiuza kuti nsonga ya chiboda chopumulacho ikhudze tsinde mokwanira kuti alowetsemo chitsulo. Zimenezi zandichititsa kutsitsako mwendowo pang'ono ndi kupindanso chimango, ndipo wogula ndamuuza kale kuti tsiku lisuntha.